Kusoka Diresi Loyamba Kunyumba ndi Kukonza Pateni Kuti Ikwane Thupi Lanu

Diresi langa loyamba linali ndi misoko yowongoka, mpendero waudongo ndi khosi losalala bwino, koma sindinalivalepo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa zipi yake inkakanira pakati pa msana. Ndinali nditadula nsalu potsatira nambala ya saizi ya zovala zogula zosokasoka, osadziwa kuti nambala za pa mapateni zimayenda mwa njira yawoyawo. Pa diresi lachiwiri ndinayeza chifuwa n'kusankha saizi yogwirizana nacho, ndipo zipi inatsekeka, koma mapewa ankagwera m'mikono ndipo khosi linkayasama ndikangowerama pang'ono. Madiresi awiriwo anandiphunzitsa kuti pateni imajambulidwa potengera thupi lapakatikati, limene pafupifupi palibe munthu amene ali nalo ndendende, choncho ntchito yaikulu ya wosoka imagwiridwa pa pepala, nsalu yabwino isanakhudzidwe ndi sizasi.

Mapateni a pepala okhala ndi masaizi osiyanasiyana anayamba kugulitsidwa mu 1863 ndi telala wa ku Massachusetts, m'dziko la America, dzina lake Ebenezer Butterick, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. Wojambula amakonza saizi imodzi kuti ikhale bwino, kenako amaikulitsa ndi kuichepetsa motsatira ndondomeko imodzi kuti apeze masaizi enawo. Makampani akuluakulu monga Simplicity, McCall's, Butterick ndi Vogue amajambula mapateni awo ambiri poganizira mayi wotalika masentimita pafupifupi 165 mpaka 168, amene muyeso wa pa mabere pake umaposa muyeso wa chifuwa cha m'mwamba ndi masentimita 5 okha. Aliyense amene wapatuka pa miyeso imeneyi, ndipo opatukawo ndiwo ambiri, ayenera kukonza pepalalo kuti limumvere.

Posankha diresi loyambira, tengani lopanda mikono kapena la mikono yaifupi yotakasuka, lokhala ndi madati (timipindo tosokedwa tosongoka, topatsa nsalu kutukuka kwa thupi) pachifuwa, msoko m'chiuno, ndi siketi yotambasuka pang'ono kunsi. Msoko wa m'chiuno ndi wothandiza kwambiri kwa woyamba, chifukwa umakulolani kukonza mbali ya m'mwamba payokha ndi siketi payokha. Kolala, mabatani ambiri ndi mikono yothina zidikire diresi lachitatu kapena lachinayi. Nsalu ikhale ya thonje, yosatamuka, yosaterera, yosapyapyala kwambiri, ndipo ngati n'kotheka ikhale ya maluwa ang'onoang'ono obalalika, chifukwa amabisa msoko wokhota. Nsalu ya mizere kapena ya mabokosi imafuna kukumanitsa mizereyo pa msoko uliwonse, ndipo imeneyo ndi ntchito ina yapadera. Nsalu zambiri zimabwera mulifupi mwa masentimita 115 kapena 150, ndipo kuseri kwa envelopu ya pateni kumalembedwa mamita ofunika pa mulifupi uliwonse. Ine ndimawonjezera theka la mita pa chiwerengero chimenecho, popeza munthu woyamba sachedwa kudula chidutswa chimodzi molakwika.

Zipangizo sizifunika zambiri. Pafunika tepi yoyezera yosatamuka, rula yaitali, pensulo, selotepi, mapini, choko cha telala, kachitsulo komasulira misoko, simbi, pepala lalikulu lopyapyala lokopera pateni, ndi masizasi awiri. Sizasi yodulira nsalu isadule pepala ngakhale kamodzi, chifukwa pepala limaibunthitsa msanga, ndipo sizasi yobuntha imatafuna nsalu m'malo moidula.

Kuyeza thupi kumafuna munthu wachiwiri, galasi, ndi kuona mtima. Valani zovala zam'kati zimene mudzavale ndi diresilo, chifukwa kamisolo wina amakweza mabere, wina amawatsitsa, ndipo dati imene yasokedwa potengera mmodzi siikhala bwino pa winayo. Mangani kachingwe kapena lasitiki yopyapyala m'mimba, weramirani kumanja ndi kumanzere, ndipo pamene kachingweko kakhazikika ndiye pa chiuno chenicheni, chimene nthawi zambiri chimakhala pamwamba pa mchombo, osati pamene lamba wa thalauza amakhala. Yezani chifuwa cha m'mwamba, tepi ikudutsa m'khwapa ndi pamwamba pa mabere. Yezani pa mabere pamene patukuka koposa. Yezani chiuno pa kachingwe kaja. Yezani mahipi pamene pakula koposa. Pomaliza yezani kutalika kwa msana, kuchokera pa kafupa kotuluka kuseri kwa khosi mpaka pa kachingwe. Tepi igone mopingasa bwino kuzungulira thupi, isakwere kumsana, ndipo ikhudze khungu popanda kulifinya. Musakoke mimba poyezedwa, chifukwa diresi limene mungasoke potengera mimba yokokedwa mudzalephera kukhala nalo pansi.

Chifukwa chimene ndatchulira chifuwa cha m'mwamba n'chakuti diresi lonse limalendewera pa mapewa, ndipo mapewa, khosi ndi m'khwapa ndi malo ovuta kwambiri kukonza, pamene chiuno ndi mahipi zimakonzeka mosavuta. Muyeso wa pa mabere umasokoneza, chifukwa umaphatikiza kukula kwa mafupa ndi kukula kwa mabere, zinthu ziwiri zimene siziyendera limodzi. Ngati kusiyana kwa miyeso iwiri ya pachifuwa kuli pafupi ndi masentimita 5, sankhani saizi potengera muyeso wa pa mabere monga mwa nthawi zonse. Ngati kusiyanako kukuposa pamenepo kwambiri, tengani muyeso wa chifuwa cha m'mwamba, onjezerani masentimita 5, ndipo funani saizi imene muyeso wake wa pa mabere ukugwirizana ndi yankholo. Mayi amene chifuwa chake cha m'mwamba ndi masentimita 87 ndipo pa mabere ndi 98 asankhe saizi ya 92, osati ya 98. Saizi ya 92 idzakhala bwino m'mapewa ndi m'khosi, ndipo masentimita 6 operewerawo adzawonjezeredwa kutsogolo kokha, kumene akufunika.

Dziwaninso kuti muyeso wa thupi ndi muyeso wa chovala chosokedwa n'zosiyana. Chovala cha nsalu yosatamuka chiyenera kuposa thupi kuti mwini wake athe kupuma, kukweza mikono ndi kukhala pansi. Pa diresi logwira thupi, mpata umenewu umakhala masentimita pafupifupi 5 mpaka 7 pa mabere, 2 kapena 3 m'chiuno, ndi 4 kapena 5 m'mahipi, koma wojambula amatha kuwonjezera wina wambiri malinga ndi maonekedwe amene akufuna. Mapateni ambiri amalemba muyeso wa chovala chotha kusokedwa pa envelopu kapena pa zidutswa zenizenizo. Ngati sanalembe, yezani nokha pa pepala, kuchotsa malo a misoko ndi a madati, ndipo yerekezani ndi diresi limene mumalikonda kuvala.

Musadule pateni yeniyeniyo. Ikani pepala lopyapyala pamwamba pake n'kukopera saizi yanu pamodzi ndi zizindikiro zonse: muvi wautali wosonyeza mayendedwe a ulusi, madati, timadontho, tizizindikiro ta m'mphepete tokumanitsira zidutswa, ndi mizere yofupikitsira kapena kutalikitsira. Mukalakwitsa pa pepala lokopera, pateni imakhalabe yathunthu ndipo mutha kuyambiranso. Onetsetsani ngati malo a msoko anaikidwamo kale. Makampani anayi amene ndatchula aja amaikamo masentimita 1.5, koma mapateni okopera m'magazini a Burda alibe malo a msoko, ndipo wosoka amawonjezera yekha. Pateni yotenga pa intaneti isindikizidwe pa muyeso wa 100 peresenti, osalola makina osindikizira kuikwanitsa pa tsamba mwa nzeru zawo, ndipo kabokosi koyesera kamene kamakhala pa tsamba limodzi kayezedwe ndi rula masamba enawo asanasindikizidwe. Ndi bwinonso kujambula mzere wa msoko m'kati mwa chidutswa chilichonse, chifukwa kusintha konse kumayezedwa pa mzere wosokapo, osati m'mphepete modula.

Yambani ndi kutalika, chifukwa ngati chiuno cha pateni sichili pa chiuno chanu, kukonza mulifupi kumakhala kukonza pa malo olakwika. Yerekezani kutalika kwa msana wanu ndi kumene kwalembedwa pa saizi imene mwasankha. Ngati msana wanu ndi waufupi ndi masentimita 2, pindani pepala pa mzere wofupikitsira kuti pakhale mpindo wa sentimita imodzi, popeza mpindo umadya kawiri kuya kwake, ndipo matani ndi selotepi. Ngati ndi wautali, dulani pa mzerewo, ikani pepala lina pansi, ndipo talikitsani zidutswa ziwirizo mofanana mbali zonse, muvi wa ulusi ukhalebe pa mzere umodzi. Zimene mwachita pa chidutswa chakumbuyo muchitenso pa chakutsogolo, apo ayi misoko ya m'mbali sidzakumana. Pomaliza salazani ndi pensulo mizere imene yathyoka chifukwa cha kusinthako.

Mulifupi wa chiuno ndi mahipi umakonzeka m'njira ziwiri. Ngati pateni ili ndi masaizi ambiri pa pepala limodzi, jambulani mzere wosalala wochoka pa saizi ina pachifuwa kupita pa saizi ina m'chiuno kapena m'mahipi, ndipo muujambule mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati ili ndi saizi imodzi, gawani masentimita ofunikawo panayi, chifukwa diresi lili ndi misoko iwiri ya m'mbali ndipo msoko uliwonse uli ndi mphepete ziwiri. Mahipi a masentimita 104 pa pateni ya 98 akufuna masentimita 6, kutanthauza masentimita 1.5 pa mphepete ya m'mbali ya siketi yakutsogolo ndi 1.5 pa yakumbuyo. Ambiri amaiwala kuti chidutswa cha pepala ndi theka chabe la kutsogolo kapena la kumbuyo, ndipo amawonjezera kawiri kuposa zofunika.

Kuwonjezera malo a mabere ndiko kusintha kumene kumaopsa anthu ambiri, koma kumangofuna mizere itatu ndi kudekha. Ikani chidutswa chakutsogolo pa thupi lanu, msoko wa phewa uli paphewa ndipo mzere wapakati uli pakati pa chifuwa, n'kuika kadontho pa nsonga ya bere. Mzere woyamba uchokere m'chiuno, ukwere molunjika kudutsa pakati pa dati ya m'chiuno mpaka pa kadonthoko, kenako upendekere kupita m'khwapa, n'kukafika chapafupi ndi kachizindikiro ka m'mphepete mwa khwapalo. Mzere wachiwiri uchokere pa msoko wa m'mbali, udutse pakati pa dati ya pachifuwa mpaka pa kadontho. Mzere wachitatu ukhale wopingasa, chakumunsi kwa chidutswacho, kuchokera pa mzere woyamba kupita pa mzere wapakati pa kutsogolo.

Dulani mzere woyamba kuchokera m'chiuno mpaka pafupi ndi mzere wa msoko wa m'khwapa, koma musadule n'kulekanitsa; siyani kapepala kakang'ono kogwira, kuti mbali ziwirizo zizitha kutseguka ngati chitseko. Dulani mzere wachiwiri kuchokera m'mbali, n'kusiyanso kapepala kogwira pa kadontho. Tsopano ikani pepala lina pansi, ndipo kokerani mbali ya kukhwapa kunja ndi pansi mpaka mpata wa pakati pa kadontho ndi chiuno utafika theka la masentimita operewera aja. Kwa mayi wa m'chitsanzo chathu, theka la 6 ndi masentimita 3, ndipo mpatawo ukhale wofanana kuchokera pa kadontho mpaka m'chiuno. Mudzaona kuti dati ya pachifuwa yatseguka yokha n'kukula, ndiponso kuti mbali ya kukhwapa yatsika kuposa mbali yapakati. Dulani mzere wachitatu n'kutsitsa kachidutswa ka m'munsi mpaka mzere wa chiuno utafanananso. Kutalika kowonjezerekaku n'kofunika, chifukwa nsalu yodutsa pa mabere aakulu imayenda mtunda wautali, ndipo ikapanda kupatsidwa kutalikako chiuno cha diresi chimakwera kutsogolo. Masentimita 3 amene awonjezereka m'chiuno amezedwe ndi dati ya m'chiuno, imene muijambulenso yokulirapo. Kwa amene mabere awo ndi aang'ono kuposa mmene pateni ikuganizira, mizere ndi yomweyi, kungoti m'malo motsegula mpata, mbali ziwirizo zimasanjikizana.

Dati iliyonse iloze pa nsonga ya bere koma isafikepo. Ithere masentimita pafupifupi 2 kapena 2.5 isanafike pa kadontho, ndipo pa mabere aakulu ithere kutali pang'ono kuposa pamenepo, chifukwa dati yofika pa nsonga penipeni imasongola chifuwa cha diresi monyansa.

Mukamaliza za pa pepala, sokani diresi loyesera ndi nsalu imene simungaidandaule, monga shiti yakale ya pabedi, bola ikhale yolemera mofanana ndi nsalu yeniyeniyo. Ambiri amaona ngati sitepe imeneyi ndi yotaya nthawi, koma m'maganizo mwanga ndi yokhayo imene munthu woyamba sayenera kuidumpha. Diresi loyesera silifuna mpendero kapena kutchinjiriza mphepete. Sokani madati, mapewa, m'mbali ndi m'chiuno ndi msoko wa mipata italiitali, wa mamilimita 4 kapena 5, wosavuta kumasula, ndipo ikani zipi mongogwiriza kapena wina akutsekeni kumsana ndi mapini pa mzere wa msoko weniweni. M'khosi ndi m'khwapa sokani mzere pa malo a msoko n'kuchekacheka mphepete mpaka pafupi ndi mzerewo, kuti nsalu igone monga mmene idzagonere diresi likadzatha. Jambulaninso ndi pensulo mzere wapakati pa kutsogolo ndi mizere yopingasa pa mabere ndi m'mahipi, chifukwa mizere imeneyi ikapendekeka pa thupi imaulula pamene nsalu ikukokedwa.

Makwinya a pa diresi loyesera ali ndi tanthauzo, ndipo munthu akawazolowera amawawerenga mosavuta. Makwinya okokeka opingasa amasonyeza kuti pamalopo pathina. Mipindo yolendewera yochoka pamwamba kupita pansi imasonyeza kuti mulifupi wachuluka. Mipindo yofewa yopingasa imasonyeza kuti kutalika kwachuluka. Makwinya opendekeka, okokeka, nthawi zambiri amaloza pa chiwalo chimene chikusowa malo, kaya ndi bere, fupa la phewa, mimba kapena thako. Imani mowongoka monga mumaimira masiku onse, mikono ili pansi, ndipo wokuthandizani ndiye agwire mapini, chifukwa mukatembenuka kuti muone kumsana mumapanga makwinya atsopano amene sanalipo. Chithunzi cha pa foni chojambulidwa kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo chimaonetsa zambiri kuposa galasi.

Konzani kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chifukwa kukonza phewa kumasuntha zonse za m'munsi mwake, ndipo khwinya limene linali m'chiuno limatha kuzimiririka lokha. Ngati mapewa anu ndi otsetsereka, mudzaona makwinya ochoka m'mbali mwa khosi kupita kukhwapa. Tsinani msoko wa phewa chakumapeto, kucheperachepera mpaka pakhosi, ndipo tsitsani khwapa ndi muyeso womwewo kuti bowo la mkono lisachepe. Ngati mapewa ndi opingasa, osatsetsereka, nsalu imakwinyika mopingasa m'munsi mwa khosi, ndipo mankhwala ake ndi kukweza mapeto a phewa pamodzi ndi khwapa. Khosi loyasama limakonzedwa potsina nsalu yotsalayo ndi pini, kuyeza kuya kwake, n'kupinda kampindo kofanana pa pepala, kocheperachepera mpaka kutha. Pa nsalu yeniyeni sipadzakhala msoko pamenepo, khosi lidzangodulidwa lalifupi. Mpindo wopingasa umene umasonkhana kumsana, pamwamba pa chiuno, ndi wofala kwa anthu a msana wolowa m'kati. Utsineni pakati pa msana, muuchepetse mpaka uthere pa misoko ya m'mbali, ndipo chotsani muyeso womwewo pa pepala.

Musanavule diresi loyeseralo, khalani pa mpando, kwezani mikono ngati mukupesa tsitsi, ndipo yendani masitepe angapo. Musalimbane ndi khwinya lililonse, chifukwa chovala chopanda khwinya ngakhale limodzi chimakhala chimene mwini wake sangathe kuyenda nacho. Zosintha zonse zibwerere pa pepala tsiku lomwelo, musanaiwale tanthauzo la pini iliyonse. Mukasintha khosi kapena khwapa, jambulaninso fesing'i, kansalu kosokerera m'mphepete mwa khosi kapena khwapa n'kupindira m'kati, pokopera kuchokera pa chidutswa chokonzedwacho. Kenako gundanitsani zidutswa zimene zidzasokedwe pamodzi n'kuona ngati mizere yake ya msoko ikufanana kutalika.

Nsalu yeniyeni ichapidwe ndi kuumitsidwa monga mmene diresi lizidzachapidwira, chifukwa thonje limachepa likachapidwa koyamba, ndipo ndi bwino lichepe lisanadulidwe. Kuchapako kumaululanso ngati nsaluyo imasuluka. Ikauma isiteni, n'kuipinda pawiri mulitali, mbali yabwino ili m'kati, mphepete ziwiri zolukidwa ku fakitale zitagundana popanda nsalu kupotoka. Muvi wa pa chidutswa chilichonse uyende molingana ndi mphepete imeneyo, ndipo musadalire maso: yezani kuchokera ku mapeto onse awiri a muviwo mpaka m'mphepete, miyeso iwiriyo ifanane musanabaye pini. Nsalu yolukidwa imalimba mulitali, imatamuka pang'ono mulifupi, ndipo imatamuka kwambiri mopendekera pa madigiri 45. Chidutswa chodulidwa mokhota pang'ono chabe chimapangitsa siketi kupotoka pa thupi, ndipo palibe simbi imene ingawongole zimenezo. Ngati maluwa a nsalu akuloza mbali imodzi, zidutswa zonse ziyang'ane kumodzi. Yalani zidutswa zonse musanadule ngakhale chimodzi, dulani nsalu ili chigonere pa tebulo, ndipo zizindikiro zonse muzikopere ku mbali yoipa ya nsalu ndi choko musanachotse pepala.

Pa nsalu ya thonje yapakatikati, singano ya nambala 80/12 ndi msoko wa mamilimita 2.5 ndi zokwanira. Ikani singano yatsopano, ndipo yesani msoko pa kansalu kotsala kopindidwa pawiri. Polowetsa ulusi wa pamwamba, kaphazi kopanikizira nsalu kakhale kokwezedwa, chifukwa ndi pamene timbale togwira ulusi timatseguka. Ulusi ukaunjikana n'kupiringizana kunsi kwa nsalu, ambiri amathamangira ku bobini, kokulungirapo ulusi wa pansi, koma kawirikawiri cholakwika chimakhala ulusi wa pamwamba umene sunalowe bwino m'timbale timeneto. Matani selotepi pa makina, masentimita 1.5 kuchokera pa singano, kuti mphepete ya nsalu iziyenda motsatira selotepiyo, ndipo maso anu akhale pamenepo, osati pa singano.

Msoko woyamba pa diresi ndi wotchinjiriza khosi kuti lisatamuke. Mukangochotsa pepala, sokani mzere umodzi pa nsalu imodzi, pafupifupi mamilimita 2 m'kati mwa malo a msoko, kuchokera paphewa kupita pakati pa khosi, kenako kuchokera pa phewa linalo. Khosi lili ndi mbali zodulidwa mopendekera, ndipo kungolinyamulanyamula kumalitalikitsa. Madati asokedwe kuchokera kotakata kupita kunsonga, singano n'kutulukira pa mpindo mwapang'onopang'ono. Kunsongako musabwerere m'mbuyo ndi makina. Siyani ulusi wautali n'kumanga mfundo ndi manja, kuti pasakhale kachotupa. Madati a pachifuwa asitidwe kuloza pansi, a m'chiuno kuloza pakati pa thupi, ndipo muwasitire pa thaulo lokulungidwa kuti kutukuka kumene mwangopanga kusaphwanyike. Msoko uliwonse usitidwe usanadutsidwe ndi msoko wina, ndipo simbi izinyamulidwa n'kutsitsidwa, osati kukhwekhwerezedwa. Kusiyana kwa diresi looneka losokedwa mwaluso ndi looneka losokedwa mothamanga kumachokera pa simbi kuposa pa makina. Mphepete za misoko zitchinjirizidwe ndi zigizagi kapena ovaloko kuti ulusi usasomoke pochapa.

Mukalumikiza mapewa, misoko ya m'mbali, ndi siketi ku mbali ya m'mwamba, valaninso diresilo musanaike zipi, popeza nsalu yeniyeni siigona ndendende ngati yoyesera. Zipi yosavuta kwa woyamba ndi yoika pakati pa msoko wa kumsana, ndipo pa diresi lotsekeka mpaka m'khosi nthawi zambiri imakhala ya masentimita 55. Sokani msoko wa kumsana kuchokera kunsi mpaka pamene zipi idzathere, n'kulimbitsa pamenepo. Gawo lotsalalo mpaka m'khosi litsekedwe ndi msoko wautali wongogwiriza. Sitani msokowo motsegula, goneketsani zipi chafufumimba, mano ake ali pa mzere wa msoko ndendende, ndipo igwirizeni ndi ulusi wa pamanja, chifukwa mapini okha amailola kusuntha. Tembenuzani diresi, ikani kaphazi kosokera zipi, sokani kuzungulira zipiyo pafupifupi mamilimita 6 kuchokera pa mzere wapakati, kenako masulani msoko wongogwiriza uja. Msoko wa m'chiuno ukumane bwino mbali zonse ziwiri za zipi, chifukwa pamenepo ndi pamene diso la munthu limathamangira.

Fesing'i ya m'khosi imatidwe ndi nsalu yolimbitsa yomata ndi simbi, isokedwe pa khosi mbali zabwino zitayang'anana, kenako mphepete ya msoko ichepetsedwe n'kuchekedwachekedwa m'malo okhota, mosamala kuti sizasi isadule ulusi. Musanaipindire m'kati, sokani mzere wina pa fesing'iyo, mamilimita 2 kuchokera pa msoko, kuigwiriza pamodzi ndi mphepete zili pansi pake. Mzere umenewu suoneka kunja, koma ndi umene umaletsa fesing'i kusuzumira pakhosi diresi likavalidwa. Pa diresi lopanda mikono, m'khwapa muchitenso chimodzimodzi.

Mpendero usachitidwe tsiku lomwe mwamaliza zinazo. Pachikani diresi pa hang'ala kwa maola 24, makamaka ngati siketi ndi yotambasuka, kuti mbali zodulidwa mopendekera zitsike mpaka pamene zikufuna kutsika. Kenako livaleni pamodzi ndi nsapato zimene mudzavale nalo, ndipo wokuthandizani ayeze ndi rula kuchokera pansi kukwera m'mwamba, akubaya mapini pa msinkhu umodzi kuzungulira siketi yonse. Kuyeza kuchokera m'chiuno kutsika pansi kumanamiza, chifukwa thako ndi mimba zimakweza nsalu mosiyana kumbuyo ndi kutsogolo. Siketi yowongoka imalola mpendero wa masentimita 3 kapena 4, koma yotambasuka kwambiri imafuna mpendero wopapatiza, wopindidwa kawiri sentimita imodzi kapena kucheperapo, chifukwa mphepete yake ndi yaitali kuposa malo amene ikupindikirapo ndipo mpendero waukulu umakwinyika. Mukatha kupendera, lembani pa pepala lanu lokonzedwa lija tsiku, miyeso ya thupi, mtundu wa nsalu ndi masentimita a kusintha kulikonse, kuphatikizapo zimene mwasintha pa nsalu yeniyeni, ndipo mulisunge m'envelopu imodzi ndi kachidutswa ka nsaluyo.